Kabuku ka azakhali ankhanza ndi mpikisano wa matsenga

Makolo a ana a Sitandade 4 mpaka 6 amene akufunafuna nkhani yopeka ya m'Chichewa achita bwino kufunsa kabuku aka kwa ogulitsa mabuku pafupi ndi msika waukulu wa Mzuzu, kumene ine ndinakagula. Kamasimba za mtsikana wamasiye ndi mlongo wake amene akuleredwa ndi azakhali awo m'mudzi momwe atsikana amatha kuitana mvula, anyamata amatha kuitana mphepo, ndipo chaka ndi chaka magulu awiriwa amalimbirana ufumu wa phiri.

Mphamvu ya kabukuka ili pa azakhaliwo. Sakwapula mwana, koma amayenda ndi makiyi onse m'chiuno, amalemba chizindikiro pa ufa wa m'chitini kuti adziwe ngati wina watapako, ndipo amaletsa mtsikanayo kudyera mbale imodzi ndi mlongo wake ponena kuti mpweya wa mnyamata umasukulutsa mphamvu za mvula. Chilichonse amachimaliza ndi mawu akuti akuchitira anawo zabwino, ndipo mwana aliyense amene anakulira pakhomo pa wachibale adzawazindikira mawu amenewa msanga. Ndayamikira kwambiri kuti wolemba sanawasandutse mfiti azakhaliwa. M'dziko muno, momwe lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti koma okalamba akumenyedwabe pa mphekesera zotere, kabuku kophunzitsa ana kuti mayi wachikulire wovuta ndi mfiti kakanathira mafuta pamoto. Nkhanza za azakhaliwa zimachokera ku mantha oti anawo akadzamvana sadzawafunanso.

Mpikisano weniweniwo ndi wofookerapo. Atsikana apatsidwa nzeru ndi mayankho akuthwa, pamene anyamata ambiri amangodzitama ndi kugwa m'matope, zimene zingachititse mnyamata wowerenga kukasiya pakati. Mathero nawonso athamangitsidwa, chifukwa chidani cha mibadwomibadwo chikutha m'masamba awiri okha.

Chichewa chake ndi chosalala powerenga mokweza, ngakhale kuti ana ambiri a ku Chibavi kapena ku Zolozolo, amene kunyumba amalankhula Chitumbuka, adzafuna wamkulu wowamasulira miyambi ingapo. Chodandaulitsa ndi kamangidwe: mapepala ndi opyapyala, ndipo agwiridwa ndi timawaya tiwiri tokha, moti masamba a pakati amathothoka kabukuka kakangodutsa m'manja mwa ana angapo. Mukagula, yambani mwakasoka ndi ulusi ndi kukakuta musanakapereke kwa mwana.