V-Ray, D5 Render kapena Blender: iti imawalitsa bwino m'chipinda?

Anzathu ojambula mapulani a nyumba pano pa Kasungu akhala akufunsa funso lomwelomwe. Chithunzi cha panja chimatuluka chokongola, koma cha pabalaza chimadzaza timadontho, makoma ali bii ngati m'khitchini yophikira nkhuni. Kodi asinthe pulogalamu yotulutsira zithunzi za 3D?

D5 Render ndi yachangu. Mukasuntha dzuwa, kuwala kumasintha pomwepo, ndipo ili ndi mtundu waulere. Msampha wake uli pa graphics card, chipangizo cha m'kompyuta chokonza zithunzi: imafuna Windows ndi card yamphamvu, makamaka za NVIDIA RTX. Laputopu ya muofesi yopanda graphics card yapadera siyingaikwanitse. Mipando ndi makatani a mulaibulale yake mumachita kutsitsa pa intaneti, bandulo n'kutha pabalaza musanamalize.

V-Ray, kuwala kwake palibe wotsutsa. Mukaika Brute Force pamodzi ndi Light Cache, njira zake ziwiri zowerengera kuwala, ngakhale chipinda cha zenera limodzi chimawala mofewa. Chowawa ndi malipiro. Simugula kamodzi n'kuiwala ayi, mumalipira pamwezi kapena pachaka, m'madola, ndipo SketchUp Pro, pulogalamu yojambulira nyumba yomwe ambiri amaiphatikiza nayo, ili ndi malipiro akeake. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo udakwera tsiku limodzi, pomwe mwini nyumba amene wagulitsa fodya wake akuyembekezerabe mtengo wakale wa pulani. Laisensi ikatha ntchito ili pakati, simungatulutsenso chithunzi. Enscape, pulogalamu ina ya ntchito yomweyi, nayo ndi ya Chaos, kampani yomwe imapanga V-Ray, kuyambira 2022, ndipo nayonso ndi yolipira.

Ine ndili kumbali ya Blender ndi injini yake yotulutsira zithunzi ya Cycles. Ndi yaulere ndipo imayenda ngakhale pa CPU yokha, popanda graphics card yamphamvu. Imachedwa, zimenezo tisabise. Koma timadontho tambiri timabwera chifukwa cha makonzedwe, ndipo apa ndi pofunika kufatsa.

Yambani ndi galasi la zenera. Mu Cycles, galasi wamba limatchinga kuwala kolunjika kwa dzuwa, ndiye kompyuta imavutika kupeza njira yolowetsera kuwala m'nyumba. M'makonzedwe a galasilo, sakanizani Glass BSDF ndi Transparent BSDF mu Mix Shader, kenako lumikizani Is Shadow Ray ya pa Light Path ku factor yake. Mukatero ikani area light pazenera lililonse, kukula kwake kofanana ndi zeneralo, kuloza mkati, n'kuchonga Portal. Nyali imeneyi siwala yokha, imangouza Cycles kuti kuwala kwa thambo kukulowera pamenepa. Mazenera athu ang'onoang'ono a zitsulo zotchinga akuba amapindula nazo kwambiri.

Dzuwa nalo muliike pamalo pake. Kasungu ili pafupifupi madigiri 13 kummwera kwa equator, choncho mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto. Mafayilo ambiri otsitsa pa intaneti adakonzedwera ku Ulaya komwe dzuwa limakhala kummwera. Mukawasiya choncho, muonetsa mwini nyumba kuwala pakhoma lomwe m'nyengo yozizira silidzaona dzuwa.

Khoma loyera musalipatse kuyera kwa 1.0. Penti yeniyeni imabweza gawo chabe la kuwala, ndiye ikani pafupifupi 0.8, apo ayi kuwala kumangodumphadumpha, ngodya za chipinda n'kusowa. Simenti yopaka polishi wofiira ija ili ndi vuto lina: kufiirako kumakwera m'makoma mpaka kudenga, chipinda chonse n'kuoneka ngati chapsa. Chepetsani saturation (mphamvu ya mtundu) ya pansipo pang'ono. Mababu apatseni mtundu ndi Blackbody: 2700 K ndi wachikasu wa kuchipinda chogona, 6500 K ndi woyera mbee ngati wa m'sitolo.

Chipinda chikadakhalabe chakuda, musathamangire kuwonjezera nyali. Kwezani Exposure mu Color Management, ndipo musiye View Transform pa AgX, yomwe idayamba kubwera yosankhidwa kale mu Blender 4.0, kuti zenera lisaoneke ngati pepala loyera. Diffuse bounces, nambala ya maulendo omwe kuwala kumadumpha m'makoma, imabwera pa 4, m'nyumba ikwezeni ifike 8. Timadontho tong'anima ngati ziphaniphani timachepa mukatsitsa Clamp Indirect kuchoka pa 10 kufika cha pa 3, koma mukatsitsa mopitirira, magalasi ndi matailosi amazilala. Masampulo 256 mpaka 512 ndi OpenImageDenoise, chida chochotsera timadontho, amakwana pa zipinda zambiri.

Amene ali kale ndi RTX atenge D5 pa ntchito zachangu. Amene ali ndi makasitomala olipira m'madola, V-Ray imuyenera. Enafe tikhale pa Cycles, ndipo poti magetsi sachenjeza akamathima, yesani kaye pa resolution ya 25 peresenti, chithunzi chachikulucho mutulutse batire ili yodzaza.