Ndemanga: pulogalamu ya owonda ofuna kuwonjezera thupi pa jimu ina ku Chilomoni

Pulogalamuyi ndikuyivomereza ndi mtima wonse kwa aliyense wowonda amene akufuna thupi la minofu, osati lamafuta chabe. Ndinayamba nyengo yozizira ndili ndi makilogalamu 55, ndipo pano malaya amene ankangolendewera m'mapewa akundikwana bwinobwino. Pali zoti akonze, ndizinena, koma ndalama zanga sizinapite pachabe.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti akochi sanathamangire kundipatsa zitsulo. Anayamba ndi mafunso: kodi ndimatsokomola, ndimatuluka thukuta usiku, ndimamva ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi? Munthu amene waonda mwadzidzidzi samulandira asanakayezetse TB, HIV ndi shuga kuchipatala. Ine kuonda ndi kwachibadwa, komabe ndinaona kuti awa ndi anthu osamala moyo wa munthu.

Mphamvu yeniyeni ya pulogalamuyi ili pa zakudya. Ndinkayembekeza kuti andigulitsa chitini cha ufa wonenepetsa, koma anatenga kope n'kuyamba kuwerengera zinthu za pa msika. Anati wonyamula zitsulo amafunika mapuloteni pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse, ndiye kwa ine ndi pafupifupi magalamu 90. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya mkaka 8. Soya pieces wouma wolemera magalamu 100 ali ndi pafupifupi 50, pamene mtedza wolemera chimodzimodzi uli ndi 25 komanso makalore (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) opitirira 550. Usipa, nyemba ndi nandolo zonse zinalowa m'kopemo. Nsima sanandiletse, anangoti ndiwo zizichuluka kuposa kale.

Vuto la ife owonda n'lakuti timakhuta msanga. Apa anandiphunzitsa kudya chakudya chochepa koma pafupipafupi, n'kumawonjezera makalore 300 mpaka 500 patsiku. M'mawa ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro zambiri mpaka lisinthe mtundu, mkaka pamwamba, ndi mazira awiri owiritsa. Cha m'ma 10 koloko nthochi kapena buledi wopaka chiponde, madzulo peyala kapena mbatata ndi chambiko. Madzi ndimamwa ndikatha kudya kuti asatenge malo a chakudya. Cholinga n'kuwonjezera kotala kapena theka la kilogalamu pa sabata; zikapitirira apo, zambiri zimakhala mafuta a pamimba.

Pa nkhani ya mapiritsi onenepetsa akochi sanyengerera, ndipo ndikugwirizana nawo kwathunthu. Ambiri, makamaka atsikana, akumwa dexamethasone popanda dokotala. Mankhwalawa amatupitsa nkhope ndi mimba, amakweza shuga ndi BP, kwinaku akufooketsa minofu ndi mafupa. Zimandipweteka mtima kuona anthu akuwononga moyo wawo chonchi pofuna kuti anzawo asiye kuwaseka. Za creatine, ufa wothandiza minofu kukhala ndi mphamvu, anati amene angakwanitse atha kumwa magalamu 3 mpaka 5 patsiku, koma si yokakamiza. Ufa wonenepetsa wa m'zitini uja, wotchedwa mass gainer, anati wambiri umakhala shuga basi.

Masewera ake ndi katatu pa sabata, n'kumapumula tsiku limodzi pakati kuti minofu ichire. Palibe zambirimbiri: squat (kunjuta n'kudzuka utasenza chitsulo pamapewa), deadlift (kunyamula chitsulo kuchokera pansi), bench press (kukankha chitsulo m'mwamba utagona chagada pa benchi) ndi kudzikoka pa chitsulo cha m'mwamba, kubwereza ka 6 mpaka 12. Poyamba anandipatsa chitsulo chopanda kanthu cha makilogalamu 20. Anaima pambali, dzanja lawo lili pamsana panga, n'kumati, "Achimwene, chifuwa patsogolo, zidendene zisachoke pansi." Amawonjezera kulemera pokhapokha akaona kuti msana sukupindika, ndipo zonse amalemba. Amafunsanso ngati wagona maola 7 kapena kuposa.

Zodandaulitsa zilipo. Kuyambira 5 koloko madzulo anthu amadzaza kwambiri, pomwe malo ochitira squat ndi amodzi okha, ndiye umaima pamzere mpaka thukuta kuuma. Akochi ndi amodzi, ndipo nthawi imeneyi sangathe kuyang'anira aliyense, zomwe ndi zoopsa kwa woyamba kumene. Magetsi akazima mkati mumakhala mdima. Zitsulo zina zachita dzimbiri, ndipo amayi alibe chipinda chawochawo chosinthira zovala. Ichi chokha akonze msanga, chifukwa mchemwali wanga anafuna kuyamba koma anabwerera pakhomo.

Dziwaninso kuti ndalama ya jimu ndi yochepa poyerekeza ndi ya chakudya. Mazira ndi mkaka zakwera mtengo, choncho ine ndimadalira kwambiri soya, usipa ndi mtedza wogula wambiri nthawi yokolola. Ngati ntchito ikukulolani, pitani m'mawa cha m'ma 6 koloko, pamene akochi amakhala ndi mpata wokuyang'anirani bwino, ndipo pemphani kuti akulembereni ndondomeko ya zakudya tsiku loyamba lomwelo.