Wa ku Mzuzu ndi wa ku Dwangwa akumane pati: Nkhata Bay, Chintheche kapena Kande?

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa. Ulendo woyamba malo ndinasankha ndine, ndipo pafoni ndinanena mopanda manyazi kuti, "Achimwene, tikumane pakati, pa Nkhata Bay." Ine ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Mnzangayo, amene tinkakhala desiki imodzi ku sekondale, amagwira ntchito ku minda ya nzimbe ku Dwangwa. Kuchoka ku Mzuzu kutsikira ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 50 pamsewu wabwino, ola limodzi wafika. Iye anayenera kuwoloka Dwambazi, kudutsa Tukombo, Kande, Chintheche ndi minda ya raba ya Vizara, makilomita oposa 100 m'minibasi yoima paliponse pamene munthu watukula dzanja. Ine ndinafika nditamwa tiyi kunyumba, malaya osakwinyika. Iye anatsika dzuwa lili paliwombo, mwendo utachita dzanzi chifukwa anakhala moyandikana ndi thumba la chinangwa. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Pakati pake ndi pano, achimwene? Masamu aja munakhoza bwanji?"

Kuyambira tsiku limenelo takhala tikukumana kamodzi kapena kawiri pachaka, Loweruka, kupita m'mawa n'kubwerera madzulo, chifukwa aliyense ali ndi banja ndipo Lamulungu kuli tchalitchi. Malo atatu onsewa tinawayesa, ndipo onse ali m'mbali mwa nyanja potsata msewu wa M5.

Nkhata Bay sindikuinyoza ayi. Pa nkhani ya mayendedwe, kwa ife a ku Mzuzu palibe oposa. Ma Sienta ndi maminibasi amadzaza msanga, ndipo ngakhale kunja kutayamba kuda umapezabe galimoto yokwera mtunda kubwerera kwanu. Ndi paboma, choncho ndalama zikatha m'thumba pali potapa, foni ikazima pali potchajitsa, mutu ukawawa mankhwala ali pafupi. Chakudya chake ndi cha mtengo wa anthu wamba. Mukalowa m'tinyumba todyera pafupi ndi msika mumapeza batala wowotcha wamafuta ake, ndi kondowole kwa amene pakhosi pawo panazolowera. Ine wa ku Dowa ndimalimbana naye mpaka lero, mbamu imakana kuduka, koma mnzanga amamaliza yake n'kuyang'ana yanga.

Zoona ziliponso. Mukagwa m'mwayi mumapeza Ilala itaima padoko, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, anthu akukweza matumba a ufa, malata, njinga ndi nkhuku kupita ku Likoma ndi Chizumulu. Kungokhala n'kumaonerera chipwirikiti chimenecho ola limatha osadziwa. Padoko pomwepo ndi pamene asilikali a boma la atsamunda anawombera anthu pa 3 Marichi 1959, ndipo chipilala chokumbukira amene anafa chilipo. Tinaima pamenepo kanthawi, zipewa m'manja, tikukumbutsana zimene aphunzitsi a mbiri ankatiuza tili ana.

Vuto lake ndi lakuti Nkhata Bay ndi tauni yomangidwa pamapiri. Gombe lake lambiri ndi miyala, ndipo kulikonse kumene mukufuna kupita muyenera kukwera kapena kutsika. Mchenga weniweni uli ku Chikale, kamtunda ndithu kuchokera kumsika, ndipo Loweruka kumeneko kumadzaza ndi ife tomwe a ku Mzuzu, aliyense ndi sipika yake. Ngati mwabwera kudzavina, zili bwino. Ngati mwabwera kuti mnzanu akuuzeni za matenda a mayi ake ndi ngongole imene ikumusowetsa tulo, mudzakhala mukukuwa m'khutu. Komanso M5 salowa m'tauni. Wochokera kummwera nthawi zina amatsitsidwa pamphambano, n'kufunanso galimoto ina ya makilomita otsalawo, ndalama inanso.

Chintheche ndi pamene masamu amagwirizana. Ili makilomita pafupifupi 40 kummwera kwa Nkhata Bay, ndiye ine ndimayenda pafupifupi 90, iye chimodzimodzi kapena kuposerapo pang'ono. Tonse timadzuka tambala woyamba, tonse timafika fumbi lili m'mutu, palibe wonyadira mnzake. Ulendo wa ine ndi wokoma kale pawokha: kuchoka m'chifunga cha Mzuzu ndi jekete, kudutsa Mpamba jeketeyo ili kale pamwendo, kenako kulowa mumthunzi wa mitengo ya raba kumene anyamata amaima m'mbali mwa msewu akudumphitsa mipira yopangidwa ndi utomoni. Mwana wanga wamwamuna amadziwa kuti bambo akapita ku Chintheche mpira ubwera, moti amandikumbutsa za mnzangayo kuposa mmene ndimamukumbukira ndekha.

Mchenga wa ku Chintheche ndi woyera, wosalala, wautali moti mukhoza kuyenda theka la ola osagundana ndi munthu kupatula asodzi okonza maukonde ndi amayi otsuka mbale. Madzi amayamba osaya, munthu wosadziwa kusambira ngati ine amalowa mpaka m'chiuno mtima uli m'malo. N'zosadabwitsa kuti chikondwerero cha Lake of Stars chinayambira komweko mu 2004. Koma tsiku wamba kuli zii, ndipo zii ameneyo ndi amene timamulipirira minibasi. Nkhani zimene sitinathe kukamba pafoni chaka chonse zimatuluka zokha, mapazi ali m'madzi.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuzidziwa musanapite. Choyamba, pamene minibasi imakutsitsani pamsika si panyanja penipeni. Malo ogona alendo anandandalika m'mbali mwa gombe mtunda wautali, ndipo ena muyenera kuyenda wapansi kapena kukwera kabaza kuchoka pamsewu waukulu. Muuzane dzina la malo enieni okumanirana, osangoti "pa Chintheche", chifukwa ife tinataya pafupifupi ola lathunthu, wina ali pamsika wina ali kugombe, aliyense akulumbira kuti wafika kale. Chachiwiri ndi thumba. Malo ena amalipiritsa polowa kwa wongobwera kudzacheza masana, ena salipiritsa koma amayembekeza kuti mudya pomwepo, ndipo mitengo yawo anaiika poganizira alendo ochokera kunja. Ife timadya nsima yathu pamsika, ya usipa kapena chambo malinga ndi zimene nyanja yapereka, kenako kugombe timangogula zakumwa zozizira kuti tikhale pampando mwaulemu.

Chintheche ilinso ndi chinthu chimodzi chimene enawo alibe. Makilomita ochepa kummwera kuli Bandawe, kumene amishoni a Livingstonia motsogozedwa ndi Dr Robert Laws anasamukira mu 1881 atathawa malungo ku Cape Maclear, asanakwerenso phiri kupita ku Khondowe mu 1894. Tchalitchi chakale cha njerwa chilipo, ndi manda a amishoni amene malungo anawapezanso komweko. Mnzanga ndi mkulu wa mpingo, ndiye tsiku limene tinapitako anayenda pang'onopang'ono akuwerenga miyala ya pamanda umodzi umodzi, n'kumawerengera zaka zawo. Ambiri anafa ali aang'ono kuposa ife. Tinabwerera kumsewu osalankhula kwambiri.

Kande sindichedwapo. Ili kummwera kwa Chintheche, ndiye imapendekera kwa iye monga mmene Nkhata Bay imapendekera kwa ine, ndipo tinapitako kamodzi kuti ndibweze ngongole ya ulendo woyamba uja. Gombe lake ndi lokongola zedi, kachilumba kali patsogolo pomwepo, ndipo kuli akavalo amene alendo amakwera mpaka kulowa nawo m'madzi. Koma ndi malo amene anazolowera magalimoto akuluakulu a azungu oyendera maiko, ndipo kuchoka pamsewu waukulu kufika kunyanja ndi kamsewu kamchenga kotalikirapo. Wa galimoto yake sadzaona vuto. Ife a minibasi tinalipira kabaza popita, kabaza pobwera, ndipo nthawi yocheza inadyedwa mbali zonse ziwiri.

Kumeneko n'kumene ndinaphunzira kuti makilomita sanena zonse, chofunika kwambiri ndi galimoto yomaliza. Tinachoka pamchenga cha m'ma 5 koloko, nkhani zitakoma. Iye anapeza msanga yopita ku Dwangwa. Ine ndinaima pamsewu maminibasi akudutsa odzaza kale mpaka kukhomo. Imene inandinyamula, kondakitala analumbira kuti ikufika ku Mzuzu, koma titafika pamphambano ya Nkhata Bay anatigulitsa kwa ina imene inali ndi anthu atatu okha, ndipo tinadikira kuti idzaze mdima utagwa kale. Ndinafika ku Chibavi ana atagona, mayi akunyumba ali pakhomo ndi tochi, osafunsa kanthu, zimene zimapweteka kuposa kufunsa. Kuchokera pamenepo lamulo lathu ndi lakuti 3 koloko ikakwana timasansa mchenga kumapazi, kaya nkhani yafika pati. Ku Chintheche lamuloli ndi lofunikabe, ngakhale kuti pamsika pake magalimoto amaima ambiri kuposa pa Kande. Ku Nkhata Bay ine ndikhoza kuliphwanya, koma iye ayi.

Nyengo nayo imasintha yankho. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kumawomba mwera, nyanja imakalipa, ndipo magombe otseguka a Chintheche ndi Kande amalandira mafunde onse pamene Nkhata Bay, pokhala m'kati mwa mapiri, imabisalako. Nthawi ya dzinja dera lonseli limagwa mvula yambiri, ndipo M5 imawoloka mitsinje yochuluka yotsika kumapiri, choncho imbani kaye foni kwa wina wodziwa ngati milatho ili bwino musanalipire mpando. Seputembala ndi Okutobala ndiye miyezi yathu, madzi ali bata, ngakhale kuti wozolowera kuzizira kwa Mzuzu amasungunuka ngati sera. Kulikonse mwa malo atatuwa, musasambe pamene pali bango ndi madzi osayenda chifukwa cha likodzo, ndipo musayandikire pamene mtsinje ukuthira m'nyanja, ng'ona zimakonda pomwepo. Eni dera akakuuzani kuti apa ayi, musatsutse.

Za ndalama tinagwirizana mosavuta: amene wayenda mtunda waufupi ndiye amagula nsima. Ku Nkhata Bay ndimagula ine, ndipo amaonetsetsa kuti wasankha batala wamkulu. Ku Kande anagula iye. Ku Chintheche aliyense amatulutsa yake, kupatula pakati pa mwezi pamene wina amanong'oneza kuti, "Achimwene, ndigwireni dzanja, ndikutumizirani malipiro akalowa."

Ndiye ndikafunsidwa, ndimati Chintheche. Nkhata Bay timaisungira masiku amene mafuta asowa ndipo magalimoto achepa pamsewu, kapena pamene tatenga akazi athu ndi ana, chifukwa pamenepo umafuna msika, chipatala ndi galimoto zili pafupi, ndipo zikatero theka la mtengo wa ulendo wake ndimalipira ine. Ku Kande tidzabwererako mmodzi wa ife akadzagula galimoto, ndipo poona mmene zinthu zikuyendera, akavalo aja adzakhala atakalamba. Loweruka loyamba la Okutobala tagwirizana kale: pamsika wa Chintheche, pafupi ndi ogulitsa nthochi, 9 koloko m'mawa. Akuti nthawi ino abweretsa nzimbe, ndipo ndamuuza kuti akadzaiwalanso nsima adzagula yekha.