Masikauti a pasukulu pathu pa Kasungu: ntchito ndi yabwino, koma ndalama yayamba kusankha ana

Ndikupereka nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ndikanalemba ndemangayi ana anga atangolowa kumene, ndikanapereka zonse zisanu osaganiza kawiri. Ziwirizo zapita chifukwa cha ndalama. Kukwera pakokha sindikudabwa nako, poti m'Malawi muno palibe chomwe chatsala pa mtengo wakale. Chikundiwawa ndi mmene akuikwezera, mwezi womwe akuifunira, komanso ana omwe atsala panjira chifukwa cha iyo.

Ndili ndi ana awiri m'gululi, mnyamata ndi mlongo wake, pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi pa boma. Amakumana Lachisanu akaweruka. Owatsogolera ndi aphunzitsi a pasukulu pomwepo, ongodzipereka, ndipo pa ntchito imeneyi salandira kanthu. Izi ndanena dala poyambirira kuti wina asaganize kuti ndikuwanena kuti akudya ndalama za ana.

Zabwino zilipo, ndipo si zochepa. Mnyamata wanga anali wamanyazi, woti kukabwera alendo ankathawira kuseri kwa nkhokwe. Lero akutsogolera kagulu ka anzake, ndipo amaima pamaso pa makolo n'kufotokoza zomwe achita popanda kumeza mawu. Anaphunzira mfundo zamitundumitundu. Thumba la chimanga popita kuchigayo amalimanga panjinga ndi chingwe wamba, osati mphira, limakafika osapendekeka, ndipo pomasula amangokoka nsonga imodzi chingwe chonse n'kugwa. Bambo ake, omwe amanga katundu panjinga moyo wawo wonse, tsiku lina anangoima n'kumuuza kuti, "Tabwereza, koma pang'onopang'ono."

Nthawi ya kolera ija ya 2022 ndi 2023 anawaphunzitsa kukonza madzi a mchere ndi shuga ngati Thanzi palibe: lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osadzaza mpaka kutumphuka, ndi theka la supuni ya mchere. Mpaka pano m'nyumba mwathu muyezo umenewu amausunga pamtima ndi ana, osati ine. Mwana wa aneba atatsekula m'mimba usiku, ndi mtsikana wanga amene anatenga botolo n'kuyeza, akuluakulu tikungokangana zoti tipeze kuti njinga yamoto yopitira kuchipatala. Nyengo yodzala mitengo amadzala ndi kuisamalira mpaka igwire, osati kungojambulitsa n'kuisiyira mbuzi. Amadziwanso kusonkha moto ndi nkhuni zonyowa, kumanga bala, ndi kunyamula munthu wovulala pa machira a mitengo iwiri ndi malaya.

Chimodzi chokha chinatibweretsera mlandu pakhomo. Masikauti amapatsana moni ndi dzanja lamanzere, dziko lonse lapansi. Apongozi anga atabwera kuchokera ku Santhe, mnyamatayo anawathamangira ndi chimwemwe n'kuwatambasulira lamanzere. Agogowo anangoliyang'ana dzanjalo.

"Iwe, zimenezi ndi zomwe akukuphunzitsani kusukuluko?"

"Agogo, ndi moni wa masikauti. Ngakhale kunja amatero."

"Uzikatero kwa anzakowo. Kwa ine ubwere ndi lamanja, linalo ligwire pamkono."

Nkhaniyi itawafika aphunzitsi, anawakhazika pansi ana onse n'kuwauza kuti lamanzere ndi la pakati pa iwo okha. Ndinawalemekeza pamenepo.

Tsopano ndalama. Ana atangolowa, yolembetsa mwana mmodzi pachaka inali yoti ukagulitsa nkhuku imodzi wathana nazo, chenji n'kutsala. Chaka chino ndikaphatikiza zonse za ana awiri, ndi nkhani ya mbuzi. Vuto lake n'lakuti siibwera pamodzi kuti munthu uione kukula kwake. Imayamba yolembetsa. Kenako mwana akubwera ndi kapepala ka yunifolomu, poti malaya athina. Kenako sikafu ya m'khosi ndi kamphete kake, zomwe ana amataya ngati dala. Baji iliyonse yomwe mwana wakhoza ndi yogula, ndiye kuti mwana wakhama ndi amene amakudyera zambiri. Pamwamba pake pali ya kampu, ya galimoto, ndi ufa ndi ndiwo zoti atenge. Palibe amene anatiuzapo kumayambiriro kwa chaka kuti zonse pamodzi zidzakwana mwakuti.

Zifukwa zina ndikuzimvetsa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe dola imodzi inafika pafupifupi K1,700 kubanki. Nsalu, matenti, zingwe za nayiloni, mafuta a galimoto, zonsezi zimadalira ndalama yakunja. Komanso gulu la pasukulu si lodziimira palokha: limalembetsa ana ake ku bungwe la dziko, ndipo bungwe la Malawi linalowa m'bungwe la masikauti la dziko lonse mu 2005, komwe mabungwe a mayiko amasonkhako. Choncho kuti mbali ina ya ndalama imachoka pasukulu, ndi zomveka.

Si kuno kokha. Ku America, bungwe la Boy Scouts of America, lomwe tsopano likutchedwa Scouting America, linakweza ndalama ya pachaka kuchoka pa madola 33 kufika pa 60 kumayambiriro kwa 2020, ndipo pofika 2024 inali pa 85. Kumeneko chinakoka mtengo ndi inshuwalansi, chifukwa cha milandu ya anthu ambirimbiri omwe anachitidwa nkhanza ali ana m'gululo, mpaka mu Febuluwale 2020 bungwelo linathawira kukhoti kuti lalephera kubweza ngongole. Nkhani yake ndi yoipa, koma makolo a kumeneko anauzidwa chomwe chakweza mtengo. Ndipo poti ndatchula za nkhanza, pano gulu lathu ndilichitira umboni wabwino: kukakhala kampu, atsikana amagona kwaokha ndi mphunzitsi wamkazi komanso amayi awiri ochokera mwa makolo, ndipo mwana sachoka pamsasa ndi munthu wamkulu mmodzi yekha. Kholo lililonse lifunse zimenezi lisanafunse za mtengo.

Ife chifukwa chathu tinachifunsa pamsonkhano wa makolo. Ndinaimika dzanja.

"Aphunzitsi, sitikukana kulipira. Tikungofuna tidziwe, ndalamayi ikupita kuti?"

"Mayi, ina ndi yolembetsera ana, ina ya zipangizo, ina ya mayendedwe."

"Ingati ikupita uku, ingati uku?"

Anayang'ana kwa msungichuma wa komiti, msungichuma n'kuyang'ana pansi. Anati atilembera papepala. Bambo wina kumbuyo anaponya mwambi woti walira mvula walira matope, anthu n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Pepalalo mpaka lero silinabwere. Sindikhulupirira kuti pali wakuba. Ndikuona kuti palibe amene akulemba. Ndalama ina imaperekedwa pamanja kudzera mwa mwana, ina pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya munthu, ndipo lisiti umalandira ukaliumirira.

Chitsanzo chake ndi ulendo wa ku Lifupa, malo ofikira alendo m'kati mwa paki ya nyama. Tinasonkha kuti ana akaone nyama ku Kasungu National Park, makamaka njovu, poti mu 2022 anabweretsako 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo ana ambiri a pa boma pano amangozimva m'nkhani za minda yowonongedwa. Ulendo unasunthidwa chifukwa mafuta ankasowa, kenako mwini galimoto anakweza mtengo, kenako zii. M'malo mwake anakwera phiri la Kasungu wapansi, ndipo kunena zoona anabwerako osangalala, miyendo ili thapsa ndi fumbi. Koma phirilo salipiritsa galimoto. Tinauzidwa kuti ndalama ija "yasungidwa," koma pofika chaka chinachi palibe chomwe anatichotserako.

Chachikulu kuposa zonse ndi mwezi womwe amaifunira. Yolembetsa imafunika mu Januwale, yonse nthawi imodzi, kuti pofika pa 22 Febuluwale, tsiku lobadwa Robert Baden-Powell yemwe anayambitsa masikauti, mwana aliyense akhale atalembetsa ndipo ali mu yunifolomu yokwanira pa perete. Aliyense wokhala ku Kasungu akudziwa kuti Januwale ndi chiyani. Chimanga chatha m'nyumba, pamsika chakwera. Kandalama komwe kanalipo kapita ku feteleza wobereketsa. Teremu yachiwiri yangoyamba ndi zofuna zake. Fodya akadali m'munda kapena m'zigafa, ndipo msika wa ku Chinkhoma sutsegulidwa mpaka cha mu Epulo. Soya ndi mtedza nazonso ndalama yake imaoneka kuyambira nthawi yomweyo. Amene angatulutse ndalama mu Januwale osapuma kaye ndi wapamalipiro a pamwezi: mphunzitsi, namwino, wapolisi, wa m'sitolo. Mlimi, yemwe mu Juni akanalipira osadandaula, mu Januwale amangouza mwana kuti chaka chino upume.

Ndipo akupumadi. Ana anga atalowa, m'gululi munali osakanikirana: a pa boma, a m'midzi yozungulira, ana a matenanti a m'maesiteti, ena oleredwa ndi agogo. Pa perete wa chaka chino ndinayang'ana nsapato. Pafupifupi onse anali ovala nsapato zasukulu zopolisha. A matenanti aja sindinawaone. Panali kamnyamata kena, kamasiye, komwe kankaposa onse pa kusonkha moto ndi kutsata mapazi a nyama, ndipo mwana wanga zambiri anaphunzira kwa iko. Palibe anakathamangitsa. Kanangouzidwa kuti osalembetsa sangavale sikafu, ndipo mwana wa msinkhu umenewo sangaime pamzere ali yekha wopanda sikafu. Pano Lachisanu kamagulitsa mandasi a azakhali ake pa depoti.

Chondidabwitsa n'chakuti mbiri yomwe anawa amaloweza ili ndi yankho lake. Pa kampu yoyamba ya mu 1907, pa chilumba cha Brownsea ku England, Baden-Powell anatenga anyamata pafupifupi 20, dala osakaniza ana a mabanja olemera ndi ana a anthu wamba, ndipo a olemerawo analipira zambiri kuposa anzawo. Ana athu amayankha chaka ndi dzina la chilumba pa mayeso a baji, koma mbali iyi komiti sinaiganizirepo.

Palinso china chomwe atsogoleri achinyamata mwina sachiona. Kuno kwathu kwa Kamuzu, achikulire akaona ana ovala yunifolomu akuguba amakumbuka a Payoniya, omwe asilikali anawalanda zida mu Disembala 1993. Zinatenga nthawi kuti makolo a m'midzi akhulupirire kuti izi ndi zina, zoti mwana saphunzira kuopseza anthu koma kuthandiza. Chikhulupiriro chimenecho chinabwera movutikira, ndipo chikutha mwakachetechete, chifukwa kumudzi ayamba kunena kuti masikauti ndi za ana a mabwana.

Pa yunifolomu ndili ndi dandaulo laling'ono koma lokwiyitsa. Anatiuza kuti tizigula kwa munthu mmodzi yemwe komiti inagwirizana naye, ati kuti mtundu ufanane. Malaya ake nsalu ndi yopyapyala, mabatani amathothoka msanga, ndipo ikachapidwa kangapo mtundu womwe ankaufunawo umasuluka mosiyanasiyana. Telala wa mumsika amasoka yolimba pa mtengo wotsikirapo mukamupititsira nsalu ndi chitsanzo. Makolo angapo tachita zimenezo ndipo palibe amene wabwezedwa pa perete. Gulani yokulirapo, mupinde m'munsi. Komanso ana omwe apita ku sekondale amasiya mayunifolomu abwinobwino m'masutikesi; bokosi limodzi mu ofesi ya aphunzitsi likanaveka ana angapo chaka chilichonse popanda tambala.

Zomwe tapempha monga makolo si zovuta. Yolembetsa iziperekedwa pang'onopang'ono, kapena isunthidwe ifike nthawi yokolola, mwana azivala sikafu yake podikira. Wopanda ndalama azitha kupereka ndowa ya chimanga kapena mtedza, poti ku kampu ana amadya zomwezo zomwe komiti imakagula pamsika. Mtengo wa chaka chonse ulembedwe pa pepala limodzi, ugawidwe poyera kuti iyi ikupita uku, iyi uku, ndipo pakhale buku la malisiti. Ena mwa ife apamalipiro tanena kuti tikhoza kuwonjezerapo pang'ono kuti ana ngati kamnyamata kaja abwerere, bola tiziona polembedwa.

Kodi ndingalimbikitse kholo lina kulowetsa mwana? Inde, ngati mungakwanitse, chifukwa zomwe amaphunzira kumeneko m'kalasi mulibe, ndipo aphunzitsi omwe amataya Lachisanu lawo ndi anthu abwino. Koma musanapereke kanthu funsani mtengo wa chaka chonse, osati wolembetsa wokha, ndipo musatume mwana ndi ndalama popanda kubwera ndi lisiti. Mnyamata wanga ndamulembetsanso poti watsala pang'ono kumaliza pulayimale. Za mlongo wake ndauza aphunzitsi kuti ndidikira msonkhano wa komiti womwe alonjeza tikakolola, ndione ngati pepala lija lidzakhale patebulo.