Kuwedza pa nyanja youma ku Minnesota: drill ndi auger zoboolera ayisi

Abale kumudzi, funso lanu lija loti nsomba timazipeza bwanji nyanja ikauma ndiliyankhe lero bwinobwino. Kuno ku Minnesota, ku America, kuyambira mu Disembala mpaka mu Malichi nyanja monga Mille Lacs, Leech Lake ndi Lake of the Woods zimaundana pamwamba pokha. Madzi amalemera kwambiri akafika pa madigiri 4 a Celsius, choncho amakhala pansi, ayisi n'kuyandama pamwamba. Nsomba zili moyo pansipo, zikudya. Msodzi amaboola ayisiyo n'kutsitsa mbedza, ndipo lamulo la kuno limamulola zingwe ziwiri, bola akhale ndi chiphaso.

Nkhani yonse yagona pa bowolo. Msodzi wa ku Msaka nsomba zikathawa amapalasa bwato kuzilondola. Kuno bwato palibe, umasuntha n'kuboola pena, kenako penanso, mpaka utazigwera. Amene kuboola kumamutopetsa amangokhala pa bowo limodzi tsiku lonse n'kubwerera chimanjamanja. N'chifukwa chake chida choboolera anthu amachiganizira kuposa ndodo yowedzera.

Chidacho amachitcha auger: ndodo yaitali yozungulizidwa ngati sikuluu, yokhala ndi mipeni kunsonga. Ilipo yopukusa ndi manja, yotchipa, yabwino ayisi akadali wopyapyala. Ilipo ya petulo, yamphamvu koma yolemera, yovuta kuliza kukazizira, ndipo utsi wake si wabwino m'tenti imene asodzi amakhalamo pa ayisi. Ilipo yamagetsi yogulitsidwa ndi mota wake, monga ya ION kapena StrikeMaster. Koma ambiri a ife amene timagwira ntchito zamanja tinasankha njira ina, yogula auger yokha n'kuimangirira ku drill ya batire. Ine ndimakonza nyumba, ndipo drill yomwe ndimamangira makabati mu Julaye ndi yomweyo imandiboolera ayisi mu Januwale. Munthu amene akutumizanso kangachepe kumudzi sangagule makina okwera mtengo oti azigona m'galaja chaka chonse kudikira chisanu.

Komatu si drill iliyonse. Apa ndiye ndikufuna mumvetse, makamaka inu achinyamata amene mwangofika kumene kuno ndipo anzanu a kuntchito ayamba kukuitanirani kunyanja. Drill iyenera kukhala ya 18V kapena 20V, ya mota umene amati brushless, chifukwa sutentha msanga ndipo sumwa batire kwambiri. Kukamwa kwake, kumene amati chuck, kukhale kwachitsulo, kwa theka la inchi. Mphamvu yake yopotokola ipitirire 700 inch-pounds. Nambalayi imalembedwa pa katoni. Milwaukee M18 Fuel ndi yomwe ndimaiona kwambiri pa ayisi, koma DeWalt ndi Makita alinso ndi zazikulu zokwanira ntchitoyi. Tija tating'ono togulira kupachika makatani timayamba kununkha kupsa bowo lisanathe. Impact driver, makina ofanana ndi drill omangira masikuluu mogogoda, musayese n'komwe, kugogoda kwake kumaononga mipeni.

Poboola umaika giya 1, yoyenda pang'onopang'ono, n'kuonetsetsa kuti hamala, kugogoda koboolera khoma, yazimitsidwa. Chogwirira cha m'mbali chija, chimene ambiri amachisiya m'bokosi, chimangeni. Ngozi imabwera pamapeto penipeni: mipeni ikamatulukira m'madzi imatha kukodwa mu ayisi wotsala, auger n'kuima nji, drill n'kutembenuka ndi dzanja lako. Ndinaonapo bambo wina wamphamvu zake atabinya dzanja motero, tsiku lake la nsomba n'kuthera pomwepo. Ena amagula chitsulo cha zogwirira ziwiri, chopangidwa ndi kampani ya Clam, chomangirapo drill kuti uzigwira ndi manja onse. Ine ndimachiyamikira ngakhale chimawonjezera kulemera. Ndipo osakanikiza. Mipeni yakuthwa imadzikoka yokha. Ukaona kuti ukufunika kutsamira ndi chifuwa, dziwa kuti yabuntha.

Kukula kwa bowo amasankha potengera nsomba. Auger ya mainchesi 6 imakwanira crappie, perch ndi bluegill, nsomba zazing'ono zokoma pokazinga. Ya mainchesi 8 ndi ya walleye, nsomba yomwe anthu a kuno amainyadira mpaka anaisankha kukhala nsomba ya boma la Minnesota, komanso nsomba ina yaikulu yotchedwa northern pike. Kusiyana kwa 6 ndi 8 kumaoneka kochepa, koma bowo la mainchesi 8 limadula ayisi wochuluka pafupifupi kawiri, choncho batire limathanso msanga. Ya mainchesi 10 ndi katundu wolemetsa drill, ndipo bowo lake phazi la mwana limalowa. Kwa woyamba kumene ndimati ayambe ndi 6 ngati drill yake ili pakatikati, 8 ngati ili yaikulu ndithu.

Mipeni ilipo mitundu iwiri. Yopindika imasenda ayisi mofulumira komanso mosalala, koma ikakumana ndi mchenga wouluzika ndi mphepo kapena wogwa ku matayala a galimoto imabuntha nthawi yomweyo, ndipo imakodwa ukamatsegulanso bowo ladzulo. Ya mano imaswa ayisi pang'onopang'ono koma imapirira. K-Drill ili ndi mipeni ya mano, n'chifukwa chake amaikonda anthu okhala ndi tinyumba pa ayisi, amene amaboola malo omwewo sabata ndi sabata. Eskimo Pistol Bit ndi StrikeMaster Lite-Flite ndi zopepuka, zabwino kwa woyendayenda. Chilichonse mungagule, onani kuti pamwamba pake pali kambale kokulirapo kuposa bowo kapena choyandamitsa, chifukwa chuck ikamasuka auger imapita pansi pa nyanja osabwereranso.

Batire nalo limaopa chisanu. Ndimatenga awiri a 5Ah (nambala yosonyeza moto umene batire limasunga), limodzi pa drill, lina m'thumba la mkati mwa jekete kuti lizimva kutentha kwa thupi. Ukalisiya pa ayisi limaonetsa ngati latha pamene moto ulimo. Pofika kunyumba ndimalisiya lifunde kaye ndisanalitchaje, popeza batire la lithium limaonongeka ukalitchaja litazizira kupitirira pamene madzi amaundana.

Amayi anandifunsa pafoni ngati sindiopa kumira. Ndimaopa, ndipo drill yomweyi ndi imene imandiuza poyenera kuponda. A DNR, nthambi ya boma yoona zachilengedwe kuno, amati munthu woyenda pansi asakwere ayisi wosakwana mainchesi 4, omwe ndi masentimita 10, ndipo akunena ayisi watsopano, woonekera mkati. Woyera uja, wosakanikirana ndi sinowo, mphamvu zake ndi theka, ndiye muyeso umawirikiza kawiri. Ayisi sakhala wofanana nyanja yonse. Pafupi ndi mathiriro a mtsinje kapena pamene pali akasupe amapyapyala. Choncho kumayambiriro kwa nyengo ndimayenda ndikugogoda kutsogolo ndi chitsulo chosongoka, ndimaboola pafupipafupi, ndimapisa tepi m'bowo n'kuyeza. M'khosi ndimakoleka tizitsulo tiwiri tokhala ndi misomali, todzikokera nato kunja ukagwera m'madzi. Ndi auger ya manja munthu amachita ulesi kuyeza kawirikawiri. Ndi drill ndi ntchito ya masekondi ochepa, ndiye palibe chowiringula.

Kumapeto kwa Febuluwale vuto limatembenuka. Kumpoto, cha ku Lake of the Woods kumalire ndi Canada, ayisi amatha kufika mafiti atatu, auger n'kulowa yonse madzi osawafika. Pamenepo pamafunika kachitsulo kowonjezera utali, ndipo ndi bwino kukagula pamodzi ndi auger, kochokera ku kampani yomweyo kuti mabowo a bawuti agwirizane. Poboola ayisi wotere umakweza auger pakatikati kuti zinyenyeswa zituluke, apo ayi zimadzaza bowo n'kuimitsa drill.