Kosi ya pa intaneti ya matenda obwera ndi ntchito: inandiphunzitsa kufunsa, koma kuntchitoko ndinapita ndekha

Ndinalembetsa kosi imeneyi chifukwa cha mapointi, ndisaname. Chaka chinali kutha, chiphaso changa chaudokotala chimafuna umboni woti ndapitiriza kuphunzira, ndipo pa makosi onse a pa intaneti amene ndinaona, iyi ndi imene nthawi yake inkagwirizana ndi mashifiti anga. Ndakhala ndikuona odwala matenda osiyanasiyana kwa zaka 14. Kusukulu yaudokotala nkhani ya thanzi la anthu pantchito tinangoikhudza pamwamba, masiku owerengeka, kenako tinathamangira zina zimene zinkabwera pamayeso. Ndikulemba izi kwa anzanga amene akuganiza ngati kosi yotere ndi yoyenera kuitayira madzulo a milungu isanu ndi itatu.

Kakonzedwe kake n'kosavuta. Mlungu uliwonse pali mavidiyo angapo, nkhani ya wodwala mmodzi kapena awiri yoti uilingalire, mafunso oyankha, ndi kukumana kamodzi pa kompyuta ndi mphunzitsi. Amene anatsegula kosiyi anali mayi wachikulire amene anagwira ntchito m'mafakitale kwa nthawi yaitali, ndipo zimaoneka pa kayankhulidwe kawo kuti fumbi analipumapo. Anayamba ndi Bernardino Ramazzini, dokotala wa ku Italy amene mu 1700 analemba buku la matenda a amisiri. Iye anati pa mafunso onse amene Hippocrates, dokotala wakalekale wa ku Greece, anasiya oti tizifunsa wodwala, tiwonjezerepo limodzi: kodi mumagwira ntchito yanji? Ndinagwedeza mutu, chifukwa funsoli ndimafunsa tsiku lililonse, lili pa fomu. Koma mayiwo anapitiriza kuti dzina la ntchito limabisa zambiri. Munthu akati amagwira kugalaja, akhoza kukhala wolandira ndalama, wowotcherera zitsulo, wotsegula mabatire kapena wopopera penti, ndipo anthu anayiwa sadwala zofanana. Anatipatsa mafunso oti alowe m'malo mwake. Manja anu amagwira chiyani kuyambira m'mawa mpaka poweruka? Mumapuma mpweya wotani? Masiku amene simunapite kuntchito mumamva bwanji? Alipo anzanu amene akudwala chimodzimodzi? Munagwirapo kuti kale?

Phunziro limeneli lokha likanakwanira kuti ndinene kuti nthawi yanga sinapite pachabe, ndipo chifukwa chake ndi bambo wina amene ndinakhala ndikumuona kwa zaka ziwiri.

Anali ndi mphumu imene inamuyamba ali wamkulu kale. Ankabwera akubanika, m'chifuwa mukulira, ine n'kumuwonjezera mankhwala opopera m'kamwa, n'kumuonetsa kapoperedwe koyenera, n'kumufunsa za fodya amene sankasuta n'komwe. Pafayilo pake ndinalemba ndekha kuti "makaniko". Atabweranso, mlungu wachitatu wa kosi uli mkati, ndinasiya cholembera patebulo.

"Bambo, kugalajako mumachita chiyani kwenikweni?"

"Ndimapopera penti magalimoto, adokotala."

"Nanga chifuwachi chimakuvutani nthawi yanji?"

"Usiku. Ndiye sichingakhale cha kuntchito ayi, chifukwa kuntchito ndimakhala bwinobwino. Mayi a kunyumba achapa mabulangete onse, koma ayi ndithu."

"Munayamba mwakhalapo masiku ambiri osapita kuntchito?"

Anakhala chete pang'ono, akuyang'ana pansi. "Pamene ndinapita kukadwazika mayi anga, milungu iwiri. Mankhwala aja sindinawakhudze ngakhale kamodzi."

Ndinaona kuti m'mbali mwa zikhadabo zake munali penti wotuwa amene sopo anamulephera. Manja omwewo ndinali nditawaona kambirimbiri poyeza kagundidwe ka mtima.

Kosiyi inali itafotokoza bwino zimene zinkamuchitikira. Penti wa magalimoto amene amasakanizidwa ndi mankhwala oumitsa amakhala ndi ma isocyanate, ndipo amenewa ali m'gulu la zinthu zodziwika kwambiri zoyambitsa mphumu ya kuntchito, pamodzi ndi fumbi la ufa kwa ophika buledi ndi fumbi la matabwa. Thupi likayamba kudana nawo, kachidutswa kochepa kwambiri kamakwanira kutseka chifuwa. Ndipo kubanikako sikumabwera nthawi yomweyo nthawi zonse, kumatha kudikira maola angapo munthu ataweruka, n'chifukwa chake ambiri amaloza chala nyumba yawo. Mphunzitsi anati pa anthu amene mphumu yawayamba atakula, pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi mmodzi ntchito yake imakhala ndi mbali. Njira yofufuzira imene anatiphunzitsa ndi yotsika mtengo: kachipangizo kouzira ka peak flow, koyeza mphamvu ya mpweya wotuluka m'mapapo, wodwala aziuzira kosachepera kanayi patsiku kwa milungu inayi, masiku antchito ndi opuma omwe, n'kumalemba. Bamboyo anabwera nalo pepala lake litapindidwa kanayi, lili ndi madontho a penti. Lamlungu manambala ankafika 430. Pofika Lachinayi usiku anali pa 290. Mlungu uliwonse ankatsika ndi kukwera chimodzimodzi, moti sipanafunike katswiri kuti aone.

Chimene chimandipweteka mtima mpaka pano n'chakuti munthu akachotsedwa msanga pa chinthu chomudwalitsacho, mwayi woti mphumu ithe umakhala waukulu, ndipo akachedwa imatha kukhazikika moyo wonse. Zaka ziwiri zija zinali m'manja mwanga.

Gawo lachiwiri limene ndingaliyamikire ndi la fumbi. Linali lalitali ndipo linayenera kutero. Anafotokoza mmene fumbi losaoneka ndi maso la miyala yokhala ndi silica limafikira pansi penipeni pa mapapo, n'kuyambitsa zipsera zimene sizichoka, ndipo zimapitiriza kukula ngakhale munthu atasiya ntchito ya mumgodi kapena yoswa miyala. Matendawa, silicosis, amachititsanso kuti munthu adwale chifuwa chachikulu mosavuta, ndipo pa X-ray awiriwa amatha kusokonezana, moti wodwala akhoza kupatsidwa mankhwala a TB mobwerezabwereza pamene vuto lina lagona pansi. Anatikumbutsa za J.C. Wagner ndi anzake amene mu 1960 anasonyeza kugwirizana kwa asbestos wabuluu wa ku South Africa ndi khansa ya mesothelioma, yogwira kachikopa kokuta mapapo, imene imatha kuonekera patapita zaka 30 kapena 40. Ndiye ukafunsa agogo za ntchito imene akugwira lero, sunafunse kanthu. Kuti tisaganize kuti izi ndi zakalekale, anatchula Australia, imene kuyambira pa 1 July 2024 inaletsa miyala yochita kupanga yoikira pamwamba pa makabati a kukhitchini, anyamata odula miyalayo atapezeka ndi silicosis asanakwane zaka 40. Anationetsanso zithunzi za X-ray zimene bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, limagwiritsa ntchito ngati muyezo. Apa panali vuto: pavidiyo tizidontho tija sitinkaoneka bwino, ndipo sanatipatse njira yotsitsira zithunzizo kuti tiziyang'ane modekha. Ndinatuluka m'gawoli ndikudziwa nthawi yokayikira silicosis, koma sindinganene kuti ndingaiwerenge pa X-ray molimba mtima.

Za phokoso zinadutsa mwachangu koma zinagwira. Muyezo umene ambiri amatsatira ndi ma decibel 85 kwa maola 8, ndipo phokoso likakwera ndi ma decibel atatu okha, nthawi yololedwa imatsika ndi theka. Kugontha kwake kumayambira pa mawu okwera ngati a wenzulo, cha pa 4000 Hz, munthu asanazindikire kalikonse, ndipo kukachitika sikubwerera. Za mtovu anati tisaiwale ana a wogwira ntchito ya mabatire, chifukwa fumbi lake limapita kunyumba pa zovala.

Pali chinthu china chimene chinasintha makalata amene ndimalembera olemba anthu ntchito. Kale ndinkalemba kuti wodwalayu apatsidwe masiki, basi. Kosiyi inabwereza mpaka ndinaloweza kuti zovala zodzitetezera ndi njira yomaliza. Choyamba n'kuchotsa choopsacho, zikakanika kuchisintha ndi china chosaopsa kwambiri, kenako kuchitsekera kapena kukoka mpweya woipawo ndi makina, kenako kusintha kagwiridwe ka ntchito, masiki n'kubwera kumapeto. Kwa wopopera penti wa isocyanate, kamasiki kapepala kaja sikathandiza chilichonse. Pamafunika chovala kumaso cholandira mpweya wabwino kudzera m'paipi.

Gawo la chinsinsi cha wodwala linandithandiza tsiku lenileni limene ndinkalifuna. Mfundo yake, imene ilinso m'malamulo a khalidwe a ICOH, bungwe la akatswiri a thanzi la pantchito padziko lonse, ndi yakuti abwana amauzidwa ngati munthu angathe kugwira ntchitoyo kapena ayi, ndi zimene ziyenera kusinthidwa, koma dzina la matenda ndi la wodwala ndi dokotala wake. Ndipo sulembera abwana popanda chilolezo cha mwini wake. Bambo wanga uja atamva kuti penti ndiye gwero, funso lake loyamba silinali la mapapo. Anati, "Ndiye ana anga adya chiyani, adokotala?" Mphunzitsi anali atachenjeza kuti dokotala wopupuluma akhoza kuchiritsa chifuwa n'kuchotsetsa munthu ntchito ndi kalata imodzi yomweyo.

Anakambanso za ife eni ake a m'chipatala, singano zotibaya ndi mankhwala a PEP, oteteza ku HIV, oyenera kuyambidwa pasanathe maola 72 n'kumwedwa masiku 28. Anatchula zimene WHO ndi ILO anapeza, kuti mu 2016 anthu pafupifupi 745,000 anafa ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pamlungu. Ndinaimitsa vidiyoyo n'kuwerenga maola anga a mlungu umenewo, ndipo ndinaganiza za anamwino amene ndimagwira nawo usiku.

Tsopano zimene sizinandisangalatse, ndipo si zazing'ono.

Kosiyi inakonzedwa ndi anthu amene m'maganizo mwawo muli kampani yaikulu yokhala ndi kliniki yakeyake, makina oyezera mapapo ndi makutu, labu yoyeza mtovu m'magazi, ndi katswiri wobwera kudzayeza fumbi mumpweya. Nkhani iliyonse ya wodwala inkathera pa mawu akuti mutumizeni kwa katswiri. Koma ILO yomweyo inanena mu 2018 kuti anthu oposa 60 pa 100 alionse ogwira ntchito padziko lapansi, pafupifupi mabiliyoni awiri, amagwira ntchito zosalembetsedwa, kopanda kalata ya ntchito, kopanda inshulansi, nthawi zina bwana ali iwo eni. Oswa miyala pamanja, owotcherera m'mbali mwa msewu, otola zinyalala, antchito a m'nyumba, onsewa sanatchulidwe n'komwe. Alimi anapatsidwa vidiyo imodzi ya mankhwala ophera tizilombo. Inafotokoza bwino mmene mankhwala a gulu la organophosphate amasokonezera minyewa, malovu ndi thukuta kuchucha, timaso kuchepa, mankhwala a atropine kupulumutsa, koma sinanene kanthu za mlimi amene amapopera mlungu ndi mlungu n'kumangodandaula mutu ndi kufooka. Ndinafunsa zimenezi pokumana ndi mphunzitsi wa mlungu umenewo. Anati ndi funso labwino, adzaliyankha pa imelo. Imeloyo sinabwere.

Mlungu wonse wathunthu unapita pa malamulo a chipukuta misozi a dziko limodzi lokha, mafomu ake ndi masiku ake omalizira. Kwa ife ophunzira ochokera kwina inali nthawi yotayika. Kukanakhala bwino akanatiphunzitsa mmene dokotala amalembera lipoti losonyeza kugwirizana kwa matenda ndi ntchito, chifukwa luso limenelo limagwira ntchito kulikonse. Mafunso a kumapeto kwa gawo lililonse ndi ophweka mopitirira, ndipo ukhoza kubwereza mpaka utakhoza, moti munthu akhoza kupeza satifiketi osaonera theka la mavidiyo. Satifiketi yangayo ndinaidikira milungu itatu, nditalemba kawiri.

Koma chosowa chachikulu ndi ichi: aphunzitsi onse ankati dokotala wa matenda a pantchito ayenera kukaona malo ogwirira ntchito ndi maso ake, koma kosiyi ilibe mbali iliyonse yokutuma kukatero. Akanangonena kuti aliyense akayendere malo amodzi n'kulemba zimene waona, bwenzi ili kosi ina.

Ine ndinapita ndekha. Bamboyo anavomera, anakambirana ndi abwana ake, ndipo Loweruka lina m'mawa anandilandira. Malo opoperawo anali ngodya ya shedi yotchingidwa ndi pulasitiki. Pakhoma panali fani imene inafa kalekale, akangaude atamangapo. Timasiki tiwiri tapepala tinali pamsomali, mkati mwake muli mtundu wa galimoto imene anapopera dzulo lake. Ndinatola chitini cha mankhwala oumitsira penti n'kuwerenga timalemba ta kumbuyo, ndipo mawu akuti isocyanate analipo, pamalo pamene palibe amene anayang'anapo. Mwini galajayo sanali munthu woipa mtima. Anamvetsera, anafunsa mafunso, ndipo ndinaona kuti palibe amene anamuuzapo zimenezi chiyambire. Anavomera kusamutsira wodwala wanga ku mbali ya mainjini, shedi ina kutali ndi penti, ndiponso kuti kupopera kuziyamba fani ikakonzedwa ndi chovala kumaso choyenera chikapezeka. Zonse zimene ndinalankhula tsiku limenelo ndinazitenga m'kosi ija, ndipo pachifukwa chimenecho ndingauze dokotala aliyense woona odwala wamba kuti aichite, bola adziwe kuti ya anthu osalembedwa ntchito ndi ya kuyendera malo adzaziwonjezera yekha. Amene akufuna kukhala katswiri weniweni wa mbali imeneyi, iyi ndi khomo chabe, afunefune maphunziro aatali okhala ndi kuyendera mafakitale.

Ndikutuluka m'galajamo ndinamva wina akutsokomola kuseri kwa pulasitiki ija. Anali mnyamata wa zaka ngati 19 amene ankaphunzira kupopera, ndipo ndi iyeyo amene akanatenga malo a bambo uja. Ndinamufunsa ngati amagona bwino usiku. Anati masiku ena amadzuka chifuwa chitamugwira, koma Lamlungu ayi. Ndinamupatsa tsiku loti abwere kuchipatala, ndipo anabwera. Pepala lake la manambala lili pa mlungu wachiwiri.