Wadiropu yosungiramo zovala za nyengo: zomwe ndaona itadutsa dzinja ku Mchinji

Mnzanga wina amene timaphunzitsa sukulu imodzi wandifunsa ngati angapite kwa kalipentala yemwe anandipangira wadiropu kuti akamupangire yofanana nayo, ndipo ndaona kuti funsoli silingayankhidwe ndi inde kapena ayi. Pamene wadiropuyi inali yatsopano, mu Epulo 2024, ndinaiyamikira kwa anthu ambiri, ndipo ena mwa iwo anabwera kunyumba kudzaiona. Tsopano popeza yaona chisanu, chilimwe ndi dzinja lathunthu, ndiyenera kufotokoza zonse, zabwino ndi zowawa zomwe, kuti amene akufuna kutulutsa ndalama zake adziwe chimene akugula.

Ndinalipira K320,000. Mtengowu unali wokwera kuposa umene anzanga analipira chaka cham'mbuyo, ndipo kalipentalayo anafotokoza kuti kuyambira pomwe ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mahinji, vanishi, guluu ndi mabolodi zinakwera mtengo chifukwa zambiri zimachokera kunja. Sindinatsutse, chifukwa zimenezo tonse tinaziona m'masitolo. Matabwa ake ndi a paini, omwe iwo anati anachokera ku Chikangawa.

Chimene ndinkafuna sichinali kabati wamba. Ndinawapempha kuti andipangire chipinda chapamwamba chokhala ndi zitseko zakezake, chosungiramo zovala za nyengo yomwe yatha, kenaka mbali imodzi yopachika mahang'ala, mbali ina ya mashelefu, ndi madirowa awiri pansi. Madirowa amatseguka bwino mpaka lero. Chitsulo chopachikapo zovala sichinapindike, ngakhale chimanyamula masuti a bambo a kunyumba ndi madiresi anga onse. Galasi la pachitseko ndi loko zilibe vuto.

Chomwe chandithandiza koposa ndi shelefu yapakati, yomwe ndinaipatula kuti ikhale ya zovala za pakati pa nyengo. Anthu ena amaganiza kuti zovala zimasinthidwa kawiri pachaka, zofunda kutsika mu Meyi ndi kukwera mu Ogasiti, koma aliyense wokhala kuno m'munsi mwa mapiri a Mchinji akudziwa kuti nyengo sizidukizana motero. Kumapeto kwa Epulo ndi mu Meyi, munthu amatuluka m'nyumba m'mamawa manja atazizira, mame ali mbuu pa udzu, koma pofika nthawi yoweruka dzuwa limakhala likuswa mtengo. Wovala chikhoti cholemera amavutika nacho masana onse, ndipo wovala bulauzi yokha amanjenjemera pamzere wa ana m'mawa. Masiku otere amafuna kajuzi kopepuka kokhala ndi mabatani, koti munthu akavule ndi kukapinda m'chikwama, pamodzi ndi chitenje chofunda m'mapewa. Zinthu zimenezi ndizo zimakhala pa shelefu yapakati, ndipo chikhoti ndi majuzi okhuthala ndimazitsitsa mu Juni, pomwe kuzizira kwakhazikika ndipo mphepo ya mwera yayamba kulowa m'mazenera.

Kumapeto kwa Ogasiti zinthu zimabwereranso chimodzimodzi, koma ndi fumbi. Amene anapitako ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, womwe umachitika Loweruka lomaliza la mweziwu, akudziwa kuti munthu amadutsa pachipata cha Mwami atafunda, koma masana amakhala akufunafuna mthunzi. Pa nthawi imeneyo ndimakweza zolemera zokha, kajuzi kaja nkutsala pansi mpaka Okutobala, mwezi womwe thupi limafuna nsalu ya thonje yokha, yomasuka ndi yowala mtundu. Ikagwa mvula ya chizimalupsa ndimatsitsa ambulera, renikhoti ndi nsapato za pulasitiki. Ngakhale m'dzinja kajuzi kamodzi sikachoka pa shelefuyo, chifukwa mvumbi ukagwira masiku angapo mu Januwale kapena Febuluwale kumazizira ndithu. Kale zonsezi zinkakhala m'masutikesi pansi pa bedi, ndipo kupeza juzi imodzi kunali kufwanyula nyumba yonse. Pa mbali imeneyi wadiropuyi yandipatsa mtendere weniweni, ndipo ndikunena izi ndi mtima wonse.

Koma chipinda chapamwamba chija, chomwe chinali chifukwa chenicheni chopangitsira wadiropuyi, ndicho chinandipweteka.

Mu Sepitembala 2024 ndinachapa zovala zonse za m'chisanu, ndinaziyanika padzuwa mpaka zinauma gwa, ndinazisita ndi kuzipinda bwino. Ndimasamala kwambiri pa zimenezi chifukwa njenjete zimakonda ubweya wa nkhosa, makamaka pomwe patsalira thukuta kapena dontho la chakudya, choncho chovala chosachapa sichiyenera kusungidwa miyezi yambiri. Ndinaikamonso timibulu ta naphthalene, mankhwala othamangitsa njenjete, m'makona. M'menemo munalowa jekete ya ubweya ya bambo a kunyumba, chikhoti changa, majuzi a ana, mabulangeti awiri, nsapato zachikopa zotseka, ndi bulauzi yanga yoyera ya Chigwirizano cha amayi a kumpingo yomwe ndimaisungira misonkhano ikuluikulu. Ndinatseka zitseko mtima uli m'malo.

Chizindikiro choyamba chinaoneka mu Okutobala, ngakhale sichinali cha chinyezi. Chitseko chachikulu chakumanzere chinayamba kupindika, ndipo pamwamba pake panatseguka mpata woti chala nkulowa. Pofika Januwale chitseko chomwecho chinafufuma, nkumakana kutseka popanda kuchikankha ndi bondo. Akalipentala ena anandiuza kuti umu ndi momwe thabwa losauma bwino limachitira: limakwinyika kukatentha ndipo limatupa mpweya ukanyowa. Ndinawaimbira eni ntchito, ndipo anandiyankha mwaulemu kuti, “Aphunzitsi, musadandaule, thabwa likukhazikika, ndidzabwera kudzapala pang'ono.” Sanabwere.

Kumapeto kwa Febuluwale 2025 kunagwa mvumbi, ndipo bambo a kunyumba anapempha jekete yawo kuti avale popita kumaliro m'mamawa. Nditakwera pampando ndi kutsegula chipinda chapamwamba, fungo linandiwomba kumaso, fungo longa la chimanga chomwe chanyowera m'nkhokwe. Jekete ija inali itachita nguwi pakolala ndi m'mapewa, ufa wobiriwira motuwa womwe unkatsalira m'zala ndikaukhudza. Nsapato zachikopa zinali zitayera ubweya mpaka m'kati. Bulauzi yoyera ija inali ndi timadontho takuda kuyambira paphewa mpaka pamkono, mbali yomwe inatsamira kumbuyo. Nditatulutsa zonse ndi kuunika ndi tochi ya foni, ndinaona kuti bolodi yakumbuyo yatupa, yapindikira m'kati, ndipo ili ndi banga lalikulu lakuda. Nditaikanda ndi chikhadabo inkafumbutuka.

Tsiku limenelo ndinakwiya kwambiri, ndipo wina akanandifunsa za kalipentalayo ndikanamuuza kuti asayandikire nkomwe pa shedi yawo. Sizinali zovala chabe. Jeketeyo tinaigula pa kaunjika mu Okutobala wina, nthawi yomwe zofunda zimatsika mtengo chifukwa palibe wozifuna, ndipo ya mtundu umenewo siipezeka kawiri m'belo.

Titasuntha wadiropu ndi pomwe chifukwa chake chinaonekera bwino. Kutsogolo ndi m'mbali anapakamo vanishi wonyezimira, koma kumbuyo anakhomako bolodi yopyapyala yosapakidwa kalikonse. Wadiropuyo inakhala pansi mwachindunji, yopanda miyendo, ndipo inagunda khoma lakunja la njerwa, lomwe m'dzinja limamwa madzi a mvula ndi kuzizira. Chipinda chapamwamba chinalibe kabowo ngakhale kamodzi kolowera mpweya, ndipo popeza sichitsegulidwa kwa miyezi ingapo, chinyezi chinkangolowa osatuluka. Zovala za m'munsi sizinakhudzidwe chifukwa zitseko zake zimatsegulidwa tsiku lililonse. Chimene chinandiwawa nchakuti za miyendo ndinazitchula pa tsiku lomwe tinkagwirizana, koma iwo anati yokhala pansi imaoneka bwino ndipo makoswe sabisalamo, ndiponso malo apakhomapo anawasankha okha pomwe anabweretsa katunduyo.

Kupulumutsa zovala kunatenga nthawi ndi ndalama. Mabulangeti ndi majuzi a ana anachira titawachapa ndi madzi othira viniga ndi kuwayanika nthawi iliyonse dzuwa likatuluka, kenaka kuwasita onse, pakuti m'dzinja chovala choyanikidwa panja chikapanda kusitidwa chingathe kubweretsa mphutsi pakhungu, makamaka kwa ana. Magetsi akazima tinkagwiritsa ntchito simbi ya makala. Nsapato zinabwerera titazipukuta, kuziumitsa pamthunzi ndi kuzipaka polishi. Jekete sinali yoti nkuchapidwa m'beseni, choncho inapita ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 100, kwa ochapa ndi makina, ndipo inatidyera K18,000 kupatula thiransipoti. Inabwera yoyera, koma kolala yake inasintha mtundu pang'ono ndipo sidzabwereranso. Bulauzi yoyera ndiye inatheratu, chifukwa madontho a nguwi akalowa m'nsalu ya thonje amavuta kuchoka, ndipo ndinasoketsa ina kwa telala pa K16,000.

Za kalipentalayo, ndiyenera kunena mwachilungamo kuti foni sanazimitse ndipo sanandilankhule mwachipongwe ngakhale kamodzi. Koma kuyambira Malichi yankho linali limodzimodzi, lakuti abwera sabata ya mawa. Msika wa fodya utatsegulidwa mu Epulo, alimi anayamba kupangitsa mabedi ndi mipando, ndipo ntchito yokonza yopanda phindu inakankhidwira kumbuyo. Nthawi yonseyi zovala zanga zinali zitabwerera m'masutikesi, ndipo chisanu chinandipeza ndikufwanyulanso pansi pa bedi, pamene wadiropu ya K320,000 inali chiimire m'chipinda momwemo. Zimenezi zinandikhumudwitsa kuposa nguwi yeniyeniyo.

Anabwera mu Juni, nditapita ku shedi kwawo pamodzi ndi bambo a kunyumba titanyamula bulauzi ija m'jumbo. Poyamba anati vuto ndi la nyumba yathu. Ndinawayankha kuti, “Bambo, khomali munaliona inuyo tsiku lomwe munabweretsa katundu, ndipo bolodi yosapaka vanishi sindinaikhome ine.” Anaiyang'ana bulauziyo, anakhala chete pang'ono, kenaka anati, “Apa ndiye ndamva, Aphunzitsi, tiyeni tikonze.” Za kulipira zovala anakaniratu, ponena kuti iwo amagulitsa matabwa, osati nsalu.

Ntchito yomwe anagwira itatero inali yabwino, ndipo ikusonyeza kuti luso ali nalo. Anachotsa bolodi yonse yakumbuyo ndi kuikapo pulayiwudi yokhuthala yopakidwa vanishi mbali zonse ziwiri. Anaboola timabowo m'mbali mwa chipinda chapamwamba ndi kutchingapo kawaya ka sefa kuti mphemvu zisalowe. Anaika miyendo inayi yoti tsache nkumadutsa pansi, ndipo anakhomera timatabwa tiwiri kumbuyo kuti wadiropuyo isagundenso khoma. Chitseko chopindika anachichotsa, kuchipala ndi kuchilimbitsa ndi thabwa lopingasa m'kati. Zonsezi zinatenga tsiku limodzi, ndipo ndikaganiza kuti zikanatheka kuchitidwa pachiyambi pomwe pamtengo wochepa, mtima umandiwawanso.

Mnzanga ndamuuza kuti kapangidwe ka mashelefuwa ndi koyenera kutengera, ndipo aliyense wa kuno kapena ku Kasungu amene watopa ndi masutikesi adzakondwera nako. Ndamuuzanso kuti asakambirane za kutsogolo kokha. Aone yekha matabwa asanadulidwe ndi kufunsa kuti akhala nthawi yaitali bwanji akuuma, atchule mtundu wa bolodi yakumbuyo, miyendo ndi mabowo a mpweya, ndipo zonsezi zilembedwe papepala lomwe alembapo mtengo. Ngati kungatheke, apangitse m'chilimwe, pomwe akalipentala alibe piringupiringu wa nyengo ya fodya. Ndipo ngakhale wadiropu itakhala yabwino chotani, chipinda chosungiramo zofunda chizitsegulidwa m'dzinja dzuwa likawala, kuti zovala zipume.

Ngati ndingabwererenso kwa munthu yemweyu, mtima wanga sunakhazikike. Masiku omwe ndimatsegula chitseko m'mawa nkupeza kajuzi pamalo pake, ndimaona kuti ndalama yanga sinapite pachabe. Ndikaona kolala ya jekete ija, ndimakumbukira miyezi yomwe ndinakhala ndikuimba foni. Powerengera pulayiwudi ndi vanishi zomwe ndinagula ndekha pa K42,000, kuchapitsa jekete ndi kusoketsa bulauzi, wadiropuyi yafika pa K396,000, ndipo pa ndalama imeneyo mwina ndikanayamba kufunsa za thabwa lolimba ngati mlombwa. Ntchito ya bolodi ndi miyendo anaigwira ulere, koma pa chitseko anapempha K25,000. Tinagwirizana pamaso pa bambo a kunyumba kuti ndalamayo ndidzapereka kumapeto kwa Malichi, mvula ikadzatha, ngati chitseko chidzakhale chikutseka bwino ndipo m'chipinda chapamwamba muli mouma. Anavomera mosakondwa, koma anasaina papepala.